Mafuta m'Beseni la Dona

Mlandu unayambira pa mpopi.

Makaniko anafika kuchokera ku galaja dzuwa litapendeka. Anapeza mkazi wake ndi alamu ake ataimirira pa beseni la matewera, manja m'chiuno. Moni panalibe. Alamuwo, akulu ake a mkaziyo, anangoloza m'madzi ndi mlomo.

Anasuzumira. Pamwamba pa madzi pankayandama timadontho ta mafuta. Tinkakumana, n'kusiyananso.

"Alamu, mwaziona?" anamufunsa alamu akewo.

Anati waziona. Ndi mafuta.

"Nanga mafuta m'nyumba muno amabwera nawo ndani?"

Ovololo imene anavala inamuyankhira. Inali yakuda m'mawondo, yonyezimira pamimba, yonunkha dizilo ngakhale itachapidwa kawiri. Beseni m'nyumbamo linali limodzi. Lamlungu lililonse ankanyikamo ovololoyo. Masiku enawo linali la Dona.

Dona anali mwana wawo woyamba, wa masabata atatu. Dzinalo linachokera kwa mayi woyandikana nawo nyumba. Mayiyo anati chibwerereni khandalo, anthu atatu akuluakulu akungothamanga ngati antchito, ndiye ameneyu si mwana, ndi dona. Dzinalo linamatirira.

Chigamulo sichinachedwe. Alamuwo anali atalera ana asanu, ndipo anabwera kudzathandiza mng'ono wawo pa uchembere. M'nyumba ya zipinda ziwiriyo mawu awo ndiwo ankayenda. Analamula kuti ovololo isakhudzenso beseni la mwana. Kenako anagwira dzanja la makaniko n'kulitembenuza ngati akusankha nsomba pamsika. Zikhadabo zakuda. Mizere ya m'chikhatho yakuda. Anati manja amenewa asagwire thewera, asagwire shawelo, asagwire mwana, kufikira atayera.

Makaniko anaseka. Anati manja amenewo zaka khumi ndi ziwiri sanayerepo, ndipo mng'ono wawoyo anawalola ali choncho. Alamu sanaseke. Mkazi wake anayang'ana pansi. Anali wotopa, maso ofiira ndi kusagona, ndipo makaniko anaona kuti si nthawi yokokana.

"Mungopirira pang'ono, bambo a Dona," anatero mkaziyo. "Khungu lake n'lanthete."

Anapirira.

Tsiku lotsatira, pa nthawi yopuma masana, anagula beseni lina. Lobiriwira. Atabwerera ku galaja analivundikira, n'kulemba kunsi kwake ndi penti yoyera: DONA, ndi tsiku la mwezi, pa 3. Chinali chizolowezi cha ntchito. Akaika batire latsopano kapena fyuluta ya oilo ankalembapo tsiku, kuti mwini galimoto asadzabwere pakatha chaka n'kumalumbira kuti mwaika dzana. Mkazi wake ataona zilembozo anaseka koyamba sabata imeneyo. Anafunsa ngati Dona naye azipita ku sevisi akakwanitsa makilomita ake.

Kuyambira pamenepo makaniko anasintha moyo. Ovololo ankaichapira ku galaja, mu mgolo wodula pakati. Ankavula komweko, kuvala malaya oyera, kukwecha manja ndi utuchi wosakaniza ndi sopo waufa mpaka khungu kuwawa. Anzake ankamuseka. Wowotcherera zitsulo ankati mkuluyu wapeza ntchito ina ku banki, akutibisira. Akafika kunyumba, alamu ankamudikira pakhomo ngati mphunzitsi woyendera zikhadabo. Ankatambasula manja. Alamu ankapukusa mutu.

Ndiye Dona ankamuonera pakhomo la kuchipinda. Chipindacho chinali ndi zenera limodzi, loyang'anizana ndi khoma la anzawo, ndipo pazenerapo panali katani wachikasu. Zonse m'menemo zinkaoneka zachikasu: khoma, pilo, nkhope ya mkazi wake. Makaniko ankachoka kusanache bwino, kubwera kuli chisisira. Mwana wake ankamudziwa ngati kamtolo ka shawelo kokhala ndi kamwa. Ankamuimbira likhweru ali pakhomopo. Nthawi zina kamtoloko kankatembenuka.

Mafuta sanathe.

Sabata yoyamba alamu anati zimenezo n'zodziwika. Mafuta a injini akalowa mu nsalu satuluka lero ndi lero. Anawiritsa matewera onse m'chitini chachikulu. Anawayanika. Anawawiritsanso. Madzi a m'beseni lobiriwira ankakhalabe ndi timaso tawo pamwamba. Nsalu ikauma inkaterera pakati pa zala.

Sabata yachiwiri mlandu unasamuka. Alamu anati ngati si ovololo yokha, ndiye kuti mafutawo akudutsira m'bere. Analetsa mng'ono wawo chilichonse chokazinga. Mtedza ayi. Mazira ayi. Majarini pa buledi ayi. Mkaziyo ankadya zowiritsa zokhazokha, mchere wokha. Ankayamwitsa usana wonse mimba ikulira. Makolala ake anayamba kuonekera. Sankadandaula. Ankangoti ngati vuto ndi iye, asiya chilichonse.

Koma chiletso cha manja sichinachotsedwe. Alamu anati mlandu umodzi ukhoza kukhala ndi akuba awiri.

Panalinso fungo. Mayi woyandikana nawo uja anatchula tsiku lina pa chingwe choyanikira, moseka, kuti dona wawo amadya nyama mobisa. Anati ana ake ali oyamwa chimbudzi chawo chinkangomveka ngati mkaka wosasa, osati chonchi. Alamu anamuyankha kuti aliyense achape zake.

M'mawa wina makaniko akumanga nsapato, mkazi wake anamunong'oneza kuti mtundunso wasintha. Poyamba chinali chachikasu ndithu. Tsopano chikutuwa. Sanamalize. Alamu anamva ali kukhitchini. Anati mwana woyamwa amabiba zamitundumitundu, lero zobiriwira, mawa zachikasu, ndipo iwo anaziona zonse kasanu. Mwana akuyamwa. Thupi silikutentha. Tsiku la sikelo lili pafupi, Lachinayi la sabata yamawa. Kuthamangira ku chipatala ndi thewera n'kufuna kusekedwa ndi manesi.

Makaniko anamanga nsapato inayo n'kupita ku ntchito. Ankadziwa injini. Ana sankawadziwa. Amene amadziwa anali atalankhula.

Loweruka ku galaja kunabwera mphunzitsi wina wopuma, ndi kagalimoto kake kakale. Anati pamene amaimika pakhomo pake pakumapezeka banga la mafuta, koma iye akukhulupirira kuti ndi galimoto ya mkamwini wake, imene imaimanso pomwepo ikabwera. Yakeyi, anatero akuisisita padenga, sinatayepo ngakhale dontho.

Makaniko anali atamva nkhani yotere kambirimbiri. Anang'amba katoni yoyera bwino, n'kuilowetsa pansi pa injini. Anauza mkuluyo kuti akamwe tiyi, abwere pakatha ola.

Atabwera, anasolola katoniyo pamaso pake. Panali dontho limodzi lofiirira, litayamba kale kufalikira m'mbali. Makaniko analikhudza, kulifikisa pakati pa zala, kulinunkhiza. Anati ndi mafuta a chiwongolero, paipi yang'aluka. Mkuluyo anayamba kutsutsa. Makaniko ananena zimene amauza aliyense.

"Bambo, pansi pamene pamaima magalimoto ambiri sipauza munthu zoona. Mukafuna kudziwa yotaya, ikani chinthu choyera pansi pa imodzi yokha."

Anaima. Katoni ili m'manja.

Mphunzitsi uja anapitiriza kulankhula za mkamwini wake. Makaniko sankamvanso. Masabata atatu akhala akuyang'ana m'beseni. M'beseni mumalowa sopo, manja, nsalu zakale, madzi a pampopi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana pamene zinthuzo zikutulukira. Iye, amene amaphunzitsa anthu zimenezi tsiku ndi tsiku, anangovomera mlandu n'kukagula beseni.

Anamanga paipiyo mothamanga. Sipanala inamupulumuka kawiri. Wowotcherera anafunsa ngati a ku banki akudwala. Poweruka anadutsa pa sitolo n'kugula thewera limodzi latsopano, la m'pepala lake, ndi envulopu yakhaki.

Lamlungu m'mawa alamu anapita kukapemphera. Makaniko anadikira mpaka mapazi awo atasiya kumveka. Anapatsa mkazi wake thewera latsopanolo, kuti alitsegule yekha, amuveke yekha. Iye sakhudza chilichonse. Mkaziyo anafunsa kuti ndi masewera anji amenewa. Anati si masewera.

Anadikira. Iye anakhala pakhonde, manja pakati pa mawondo. Ana a anzawo ankamenya mpira wa mapepala pakhoma. Wailesi ya nyumba yachitatu inkaimba. Dzuwa linakwera n'kufika pa chingwe choyanikira. Cha m'ma teni mkaziyo anaitana kuti zatheka.

Anamuuza kuti atulutse theweralo panja. Atenge kamtengo ka machesi, atape pang'ono, apake pa envulopu. Pambali pake adonthezepo madzi a pampopi. Mkaziyo anachita zonsezo atakwinya mphuno. Anaika envulopuyo pa njerwa, padzuwa.

Koma makaniko sankayang'ananso envulopu. Ankayang'ana thewera.

Panja, kunja kwa katani uja, chimbudzicho sichinali chachikasu n'komwe. Chinali chotuwa ngati phala lija amamatira pa galimoto yophwanyika asanaipente. Chinkanyezimira. Chapafupi pake panali banga la mkodzo, lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Mkaziyo anati mkodzo wakhala wotero masiku angapo. Achemwali anati ndi kutentha.

Dontho la madzi linauma n'kusowa. Pamene panapakidwa paja panazungulira mkombero wakuda, wonyowa, wosauma. Makaniko anauza mkazi wake kuti anyamule envulopuyo, ailozetse kudzuwa. Kuwala kunadutsa pa mkomberopo ngati pa pepala lokulungira zokazinga.

"Madzi amauma," anatero. "Mafuta sauma. Ine sindinakhudze. Ovololo ili ku galaja."

Mkaziyo anatsitsa envulopu pang'onopang'ono.

"Mutulutseni panja, mayi a Dona. Ndimuone."

Anazengereza. Achemwali anali ataletsa, kuopa mphepo. Kenako analowa. Anatuluka ndi kamtolo kaja, n'kukhala pa sitepe, n'kuvundukula shawelo. Dona anatsinzina chifukwa cha dzuwa. Anakwinya nkhope, anayasamula, n'kutsegula maso.

Poyera pa maso ake panali pachikasu. Osati kwambiri. Koma makaniko anali munthu wozolowera kusiyanitsa oilo watsopano ndi wa mwezi umodzi. Anaona. Mkaziyo nayenso anaona. Anati m'chipindamo maso a aliyense amaoneka choncho, ngakhale ake pagalasi. Anabwereza mawu omwewo kachiwiri, motsitsa. Kenako anasiya.

Timiyendo ta Dona tinali tating'ono kuposa mmene makaniko ankaganizira ali pakhomo paja. Mimba yokha ndiyo inali yotukuka.

Alamu anawapeza ali pomwepo. Anayamba ndi mphepo. Ndani watulutsa mwana. Kenako anaona thewera pa njerwa, ntchentche zikuzungulira, ndipo anafunsa ngati pakhomo pano pasanduka galaja. Makaniko anawafotokozera za envulopu. Anati mawa m'mawa akupita naye ku chipatala. Alamu anati Lachinayi si kutali, masiku anayi okha, ndipo iye adzajomba ntchito chifukwa cha banga la pa pepala. Anati ana asanu si masewera.

"Alamu, ana asanu anali anu. Uyu ndi wanga. Mawa."

Sanawayankhepo chotero chikwatirireni. Mkazi wake anagwira pakamwa. Alamu anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mng'ono wawo anangotembenuzira nkhope ya mwana kwa iwo, padzuwa. Alamu anawerama. Anatsitsa chikope cha Dona ndi chala chimodzi. Anakhala chowerama nthawi yaitali. Atadzuka analowa m'nyumba n'kuyamba kupinda zovala za mwana, kuziika m'chikwama.

Chipatala cha pafupi tsiku limenelo chinkangolandira ovulala ndi obereka. Dona ankayamwa, sankatentha. Anagwirizana zodikira kuti kuche.

Lolemba anafika geti lisanatsegulidwe, koma anapeza mzere. Mabenchi odzaza. Amayi ndi ana kumbuyo, ana akutsokomola, mkulu wina atamanga phazi ndi nsanza. Makaniko anali mwamuna yekhayo pa benchi la ana. Ananyamula jumbo. M'jumbomo munali envulopu ndi thewera la m'mawa umenewo, lokulungidwa m'majumbo ena awiri. Amene anakhala pafupi naye anasendera.

Nesi woyeza sikelo anali mayi wonenepa, wamawu. Ataona jumbo anati bambo uyu wabweretsa mphatso, ena onsewa amabwera chimanjamanja. Benchi lonse linaseka. Anamuika Dona pa sikelo, kuyang'ana nambala, kuyang'ana m'buku la mwana, kuyang'ananso nambala. Anati wangokwera pang'ono chibadwireni. Kenako anatsegula jumbo.

Nthabwala zinathera pomwepo. Anamutengera Dona pazenera n'kumuyang'ana m'maso. Anauza mnzake kuti agwirire mzere. Iwo atatu anawauza kuti amutsate, ndipo anadutsa anthu onse amene ankadikira pakhomo la dokotala. Palibe amene anadandaula. Makaniko analakalaka wina akanadandaula.

Dokotala anali mtsikana ndithu, wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anayang'ana thewera. Anatulutsa kakhadi kokhala ndi mitundu isanu ndi umodzi ya chimbudzi cha makanda, n'kufunsa mayi kuti masiku amenewa akuona uti. Mkaziyo analoza wachiwiri, wotuwa. Dokotala anagwedeza mutu. Anakanikiza mimba ya Dona kumanja, pansi pa nthiti. Dona analira. Envulopu anaitenga komaliza. Anailozetsa ku getsi, n'kufunsa kuti waganiza zimenezi ndani. Alamu analoza makaniko ndi mlomo.

Anawafotokozera mosathamanga. Anati chimbudzi cha mwana woyamwa chimakhala chofewa, chachikasu, nthawi zina chobiriwira, ndipo tsiku lina chikhoza kunyezimira. Mwana akamayamwa bwino, akamakwera sikelo, zimenezo sizodetsa nkhawa. Pamenepo alamu anadzutsa mutu pang'ono. Koma dokotala anapitiriza. Mafuta akamaoneka tsiku ndi tsiku, ndiye kuti mafuta a mu mkaka akungodutsa, thupi silikuwatenga. N'chifukwa chake sikelo yaima. Ndipo chimbudzi chikatuwa, mkodzo n'kuda, maso n'kukhalabe achikasu mwana atapitirira masabata awiri, pamenepo sipodikira tsiku la sikelo. M'chiwindi mumachokera ndulu. Nduluyo ndi imene imasungunula mafuta, ndi imenenso imapatsa chimbudzi mtundu. Ikapanda kufika m'matumbo, imabwerera m'magazi. Zifukwa zilipo zingapo, zina zochizika ndi mankhwala. Koma chimodzi, chimene ayenera kuchifufuza msanga, ndi kutsekeka kwa kanjira kake.

Makaniko anamva bwino lomwe. Paipi yotsekeka. Anafuna kufunsa ngati imasinthidwa.

Mkazi wake ndiye anafunsa. Anafunsa ngati ndi mkaka wake. Anati anasiya zokazinga zonse masabata awiri apitawo. Dokotala anamuyang'ana m'makolala, n'kunena kuti mkaka wake ulibe mlandu, ndipo kuyambira lero adye chilichonse, mwanayu akufunika bere lodzaza. Alamu anafunsa motsitsa kwambiri ngati mafuta a galimoto angalowe mwa mwana kudzera mu nsalu. Dokotala anati ayi.

Kenako anatenga cholembera.

"Zinayamba liti?"

Mkaziyo anati mwina masabata awiri. Alamu anati ayi, sabata imodzi ndi theka, poyamba zinali zochepa. Anayamba kukumbutsana za tsiku limene kunagwa mvula, tsiku limene magetsi anazima. Dokotala anati akufuna tsiku lenileni, chifukwa pa matenda amene akuwaganizirawo masiku amawerengedwa.

"Pa 2," anatero makaniko. "Beseni ndinagula pa 3."

Dokotala sanafunse za beseni. Anatembenukira ku kalendala ya pakhoma, n'kuyendetsa cholembera pa manambala. Makaniko anawerenga naye chamumtima. Masiku makumi awiri ndi asanu. Onsewo iye ankakwecha manja ndi utuchi.

Dokotala analemba kalata. Anati apite ku chipatala chachikulu lero lomwe, asadutsire kunyumba. Ngati ndi kanjira kaja, opareshoni yake imagwira bwino mwana asanapitirire miyezi iwiri. Dona anali ndi masabata asanu ndi limodzi ndi masiku anayi.

Panja alamu anati iwo apita kukatenga zofunda ndi mbale, adzawapeza komweko. Sanayang'ane munthu kumaso. Atayenda pang'ono anabwerera, n'kutsegula chikwama chawo, kutulutsa mazira awiri owiritsa amene anadzisungira, kuwaika m'dzanja la mng'ono wawo. Anapita.

Chipatala chachikulu chinali ndi makonde ataliatali, onunkha mankhwala okolopera. Anamutenga magazi Dona pa kadzanja, kawiri, chifukwa koyamba mtsempha unasowa. Lachiwiri anamuunika m'mimba ndi makina. Makaniko anaima kumbuyo, kuyang'ana zithunzi zotuwa zikusuntha pa galasi. Anayesa kupeza paipi. Sanaone chilichonse chimene akanachidziwa. Woyezayo ankangobwerera pamalo amodzimodzi.

Mwini galaja anaimba foni kufunsa ngati abwera, kuli malole adzaza pakhomo. Makaniko anati sabwera. Anafunsidwa kuti mpaka liti. Anati sakudziwa, n'kudula.

Lachitatu masana dokotala wa opareshoni anawaitanira m'kachipinda. Anali bambo wa imvi, wa manja ang'onoang'ono oyera. Anajambula chiwindi pa pepala, ndi kanjira kotsika, n'kukadula ndi mzere. Anati zonse zikuloza pamenepo, koma adzatsimikiza akatsegula. Akapeza kuti n'kotsekeka, adzalumikiza thumbo ku chiwindi kuti ndulu ipeze potulukira. Kwa ana ena zimagwira. Kwa ena zimagwira pang'ono. Kwa ena ayi. Sanalonjeze kanthu.

Makaniko anafunsa funso limene linkamuvutitsa kuyambira Lolemba. Akanabwera pa 3, zikanasintha?

Dokotalayo anavula magalasi. Anati kufulumira kumathandiza nthawi zonse, sangamunamize. Koma afika nthawi ikadalipo. Ambiri amabwera mwana ali ndi miyezi inayi, atayesa zonse za kunyumba, ndipo pamenepo iye amakhala ndi mawu ena. Opareshoni ikhala mawa m'mawa.

Mawa lake linali Lachinayi. Tsiku la sikelo.

Kunacha kuli mitambo. Nesi wa mu wodi anali atalamula kuti Dona asayamwe maola angapo opareshoni isanachitike. Pofika seveni koloko njala inamupweteka. Ankalira, kufunafuna ndi kamwa pa bulauzi ya mayi ake, kumenya ndi timanja. Mkaka unayamba kudontha wokha, kunyowetsa nsalu. Mkaziyo ankayenda uku ndi uku pa khonde la ku fiyeta, kochitira opareshoni, akulira naye. Alamu ankamutsatira ndi shawelo. Makaniko anaima pakhoma, manja kumbuyo, mmene anazolowerera.

Nesi anatulukira. Anati mwanayu sangatonthole ali pa mayi ake, akumva fungo la mkaka. Amunyamule wina.

Mkaziyo anatembenukira kwa achemwali ake. Alamu anatambasula manja, mwachizolowezi. Kenako anawabweza. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Apatseni bambo ake."

Makaniko anayang'ana manja ake. Masiku anayi sanagwire sipanala, koma zikhadabo zinali zakuda chimodzimodzi. Anawapukuta pa buluku. Sizinathandize. Mkazi wake sanayang'ane n'komwe. Anamuika Dona m'manja mwake, n'kumukonzera chigongono kuti mutu ukhale bwino.

Anali wopepuka. Makaniko ankanyamula zitsulo tsiku lonse ndipo manja ake ankadziwa kulemera kwa chinthu asanachiike pa sikelo. Uyu anali wopepuka kwambiri. Anatsamira khoma.

Dona analirabe. Makaniko sankadziwa nyimbo za ana. Anaimba likhweru lija ankaimba ali pakhomo la kuchipinda. Koyamba linatuluka mphepo yokha. Ananyowetsa milomo n'kuyesanso. Kulira kunadukiza. Maso achikasu aja anatseguka, kufunafuna kumene kukuchokera mawuwo, n'kuima pa nkhope yake. Kadzanja kamene kanalibe bandeji kanapapasa m'mwamba, kanapeza chala chake, n'kuchigwira pa chikhadabo penipeni.

Alamu anatembenukira kuzenera. Mapewa awo ankagwedezeka.

Makaniko anayenda naye mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera. Kachiwiri. Kachitatu. Dona ankangosisima tsopano. Ulendo wachinayi chitseko cha magalasi chinatseguka. Munatuluka nesi wovala zobiriwira, kansalu kophimba kukamwa, n'kuwerenga dzina pa pepala. Anatambasula manja.

Kadzanja kaja kanali kakadagwira. Makaniko anachita kumasula tizala take kamodzikamodzi.

Chitseko chinatsekeka. Anakhala pa benchi, mkazi wake kumanja, alamu kumanzere. Pakhoma panali wotchi. Makaniko anapisa m'thumba, kutulutsa envulopu ija yakhaki, yopindika, banga lake likadalipo. Anabwereka cholembera kwa mlonda. Pakona yake analembapo tsiku, ndi nthawi imene Dona walowa.